Tsiku Limene Ndinabatiza Abiti Amini

Mphepo ikandibweretsera utsi wa nsomba zowamba, ngakhale ndili pakati pa msika wa Balaka katundu ali kumutu, ndimapezeka ndabwerera kwathu ku Ngokwe, kuseri kwa nyumba ya Abiti Amini, kumene milamba ya ku Chiuta inkagona pa waya mafuta akudonthera pamakala, nkhuni zikuthetheka, eni ake akutembenuza nsomba ndi zala ngati moto ndi mbale wawo. Abiti Amini anali mayi wamasiye wa Chiyao, Msilamu, wamfupi koma wa mawu omveka mpaka kuchitsime. Ife tinali Akatolika. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa udzu wokhala ndi chiboo, ndipo amene ankachikulitsa chiboocho ndine.

Mayi anga ankalawirira kumunda wa thonje, choncho masana ondilera anali iwowa. Ndinkawaitana anganga monga ankachitira adzukulu awo. Ankandizula matekenya ndi singano uku akundinena kuti ndili ndi mapazi a bakha, ankandiluka tsitsi mokoka mpaka misozi, ndipo ndikalira ankanditseka pakamwa ndi mutu wa mlamba. Tsiku lina ndinaponda khala pafupi ndi uvuni wawo. Anandibereka tsiku lonse, chimwana cha zaka zisanu ndi ziwiri, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Kuyambira pamenepo sindinkafunikanso wondiuza kuti kupsa kumawawa bwanji.

Nditakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi ndinalowa kalasi ya katekisimu. Aphunzitsi athu anali bambo wowonda, waulemu, wosaseka wamba, amene ankabwera pa njinga ndi chithunzi chokulunga ngati mphasa. Loweruka lina anachitambasula pakhoma la tchalitchi. Pamwamba panali Ambuye atakhala pa mpando woweruzira, anthu atagawidwa kumanja ndi kumanzere, pansi pake moto wofiira ndi anthu atakweza manja. Anatiphunzitsa za tchimo lobadwa nalo limene limachoka ndi ubatizo, za tsiku lomaliza, ndi za moto umene suzima.

"Kuno ukaponda khala umachotsa phazi," anatero. "Kumeneko kulibe kochotsera phazi."

Ndinakweza dzanja. "Nanga munthu wabwino koma wosabatizidwa?"

Aphunzitsi anati: "Khomo limene tinapatsidwa ndi ubatizo, mwana wanga. Zotsalazo akudziwa ndi Mulungu."

Mawu achiwiriwo anandidutsa. Ndinatola oyambawo n'kupita nawo kunyumba. Tsiku lomwelo anatiuzanso kuti munthu akakhala pafupi kufa, wansembe ali kutali, Mkhristu aliyense angathe kumubatiza, bola pakhale madzi ndi mawu ake oyenera. Anzanga ankayasamula, ine ndinkaloweza.

Nkhaniyi inandidya milungu yambiri. Ndikawaona anganga akuyala mkeka kuti aswali, mtima unkandiwawa, pakuti ndinkaona nkhope yawo pakati pa anthu a m'munsi mwa chithunzi chija. Ndinayesa kuwaphunzitsa chizindikiro cha mtanda, iwo n'kundifunsa ngati ndikuingitsa ntchentche.

Mvula itayamba anganga anadwala malungo aakulu, uvuni n'kuzizira. Tsiku lachitatu masana ndinamva amayi awiri akunong'onezana pampanda kuti gogoyu safika Lachisanu. Mwana wawo, Che Yusufu, anali atapita kukabwereka njinga yowatengera kuchipatala, ndipo mpongozi anali kuchitsime. Ndinadutsa pachiboo. Anganga anali atagona pamphasa maso ali tseke, milomo itauma, akupuma mobanika. Pakhomo panali birika limene ankasambira m'manja ndi kumaso asanaswali. Ndinalinyamula n'kugwada kumutu kwawo. Dzina lachikhristu silinandibwerere lina, ndiye ndinawapatsa langa lomwe, Agnesi. Ndinathira kamodzi, kawiri, ndikutchula mawu onse osadumpha, koma kachitatu chivundikiro chinagwa, madzi onse khuthu kumaso kwawo.

Anadzidzimuka akutsokomola. Nditatembenuka, Che Yusufu anali chiimire pakhomo, ndipo mawu omalizawo anali atawamva.

"Mwana iwe, ukuwachita chiyani amayi anga?"

Anandigwira pamkono mpaka kwa mayi anga, amene anali atangofika kumene kuchokera kumunda. Tsikulo ndinakwapulidwa mokwanira. Bambo anga anapita kukapepesa chipewa chili m'manja, chiboo chinatsekedwa ndi udzu watsopano, ndipo kwa milungu iwiri mabanja awiriwa ankangopatsana moni wouma. Ine zikwapuzo sizinkandiliza kwenikweni. Chinkandiliza n'chakuti sindinkadziwa ngati ubatizowo unagwira, poti kachitatu kaja kanali kosalongosoka.

Anganga anachira atabwerako kuchipatala. M'mawa wina ndikusesa ndinamva mawu awo kuseri kwa mpanda.

"Agnesi, mapazi a bakha iwe, ndani watseka njira yanga?"

Anali akuzula udzuwo ndi manja awo, ataonda, mpango utawakulira. Anandikokera kwawo n'kundikhazika pafupi.

"Tandiuza, ndinakulakwira chiyani kuti ufune kundimiza m'nyumba mwanga momwe?"

"Ndimaopa kuti mukapsa, anganga. Moto wake akuti suzima."

Ndinkadikira kuti aseke monga mwa nthawi zonse. Sanaseke. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akugwetsa msozi popanda utsi.

"Ashehe athu nawonso amatiuza za moto, mwanawe, ndipo amatichenjeza za amene sali m'njira yathu. Ukuganiza kuti ndikagwada pamkeka paja ndimatchula ndani? Yusufu ndi wamkulu, akadziyankhira yekha. Ndimatchula iwe."

Zinali zisanandilowepo m'mutu kuti iwonso angandiopere ine. Ndinafunsa kuti nanga akapse ndani, iwo kapena ine.

"Iyayi, mlandu umenewo wandikulira, ine ntchito yanga n'kuwamba nsomba. Ndine Msilamu ndipo ndidzafa Msilamu, madzi akowo sanandisinthe. Koma tiye tipangane. Tsiku la Kiyama, limene inu mumati lachiweruzo, anthu adzachuluka kuposa tsiku la msika. Ukadzaima pamene akuikepo, udzayang'ane uku ndi uku. Ukandisowa, ukafunse kwa Mwini wake kuti Abiti Amini ali kuti. Usakachite manyazi ngati mmene umachitira kwa alendo. Nanenso ndikakusowa ndikasokosa mpaka andimve."

Tinagwirana chanza ngati akuluakulu, dzanja lawo likununkha nsomba ngakhale anali asanayatse uvuni kwa mwezi.

Anamwalira patapita zaka zambiri, ine nditakwatiwa kale kwa Kalembo. Uthenga unandipeza m'mawa, ndipo poti Asilamu sagoneka maliro ndinakwera njinga ya kabaza ndi minibasi mothamanga. Nditafika ndinakhala kumbuyo kwa amayi, podziwa kuti mwambowo si wanga. Ndinaona Che Yusufu, imvi zili mbuu, akudutsa pakati pa anthu ndi ndowa m'manja. Chichitikireni nkhani ija sitinkayankhulana kupitirira moni. Anaima patsogolo panga n'kuika ndowayo pansi.

"Achemwali, amayi anasiya mawu. Anati madzi owasambitsira mukatunge ndinu."

Ndinapita kuchitsime maulendo atatu, ndikulira njira yonse, madzi akunditayikira kumaso. Osambitsa anali amayi a kumzikiti, ine ndinkangosiya ndowa pakhomo.

Lero ndikadali Mkatolika, ndimalapa, ndipo wansembe akamalalikira za tsiku lomaliza mantha ndimakhala nawo, pakuti machimo anga ndimawadziwa ndekha. Amene adzaime kumanja kapena kumanzere sindimudziwa, ndipo ndinaleka kuwerengera anthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinatumidwa funso, ndipo ndikafunsa. Ngati wosowayo adzakhale ineyo, alipo amene akasokose mpaka amumve.