Nambala za Mgodi pa Mapepala a Fainesi

Fainesi, mwana wa malemu Laiton Kachingwe, ndamudziwa zaka makumi awiri ndi zisanu, kuyambira ali kumsana kwa mayi ake ku Empumalanga, komboni ya kuno ku Hwange. Bambo ake tinkalowa nawo pansi mumgodi limodzi mpaka chifuwa cha fumbi la malasha chinawatenga. Sindimukometsa: mwanayu ndi waliuma, ndipo akakwiya amatiyankha m'Chindebele. Koma mutu ali nawo.

Atakhoza mayeso anapita ku koleji ku Bulawayo. Pazenera lopemphera thandizo la fizi anamubweza, poti chitupa chake, ngati zathu tonse, chinali ndi chilembo chakuti ndi mlendo, popeza ife makolo tinachokera kunja kwa dziko lino. Mayi ake anagulitsa makina osokera, amayi a mumpingo anasonkha, mwana n'kulowa.

Chaka chatha, mu 2008, aphunzitsi ake anamuuza kuti achite kafukufuku asanamalize. Iye anafuna kudziwa chifukwa chake ana a kuno akakhoza sapempha n'komwe thandizolo. Anabwera ndi mapepala makumi anayi a mafunso, n'kutigawira titatuluka m'tchalitchi.

"Musalembe dzina, agogo," anatero. "Mungoyankha basi."

Tinamvera, dzina palibe analemba. Koma munthu wa mumgodi sapereka pepala lopanda nambala yake. Nambalayo ndiyo tinkalandirira malipiro, nyali, nyumba, ngakhale bedi kuchipatala. Choncho tinalemba nambala zathu za ntchito, ena pa tsamba lililonse. Inenso ndinalemba.

Nthawiyo inali ya mavoti. Munthu woyenda ndi mapepala ankafunsidwa kuti watumidwa ndi yani, ndipo pamsewu wa ku Bulawayo mabasi ankaimitsidwa, zikwama n'kutsegulidwa. Apa m'pamene tinakumbukira zimene tinayankha: kumene tinabadwira, mayina a adzukulu amene akungokhala pakhomo, ndiponso amene tikumuimba mlandu. Nambala ikangofika ku ofesi ya mgodi, dzina limatuluka, ndi nyumba yomwe. Ambirife tinali titapuma kale ntchito, m'nyumbazo tinkangokhala mwachisomo. Nkhuku ikalira panja tinkasuzumira pazenera.

A Antonio, anzanga a kumgodi amene anadzaza tsamba lonse ndi madandaulo, anapita kukamupeza ine ndili pambuyo pawo.

"Iwe mwana wa Laiton, pepala langa lili kuti?"

"Lili m'chikwama, madala."

"Chikwamacho akachitsegula pamsewu, ine ndikagona kuti? Ku Tete ndinachokako mano onse ali m'kamwa, panopa ngakhale mbuzi sindidziwako."

"Ndidula nambalazo ndi lumo."

"Nanga mayina a adzukulu anga udulanso? Utsala ndi chiyani, m'mphepete?"

Fainesi anaimbira aphunzitsi ake. Iwo anati akufuna mapepala enieniwo, osadulidwa, mwezi usanathe, kuti aone kuti sanapeke yekha mayankho. Akapanda kutero abwereza chaka. Makina ena osokera panalibe.

Masiku awiri sanatuluke m'nyumba. Ife tinkazondana, n'kumafunsana ngati wina wamuona pokwerera kombi za ku Bulawayo. A Lena a mumpingo mwathu anayamba kumanga ziwiya m'thumba.

Lamulungu anaimirira pakhomo la tchalitchi, maso ali ofiira.

"Agogo anga, pepala la munthu silituluka mu Hwange muno. Bwerani mutenge."

Anayamba kuitana nambala imodziimodzi ngati kapitawo pachipata cha mgodi, ife n'kumayankha kuti ndilipo. Mayi ake anangokhala pabenchi. A Antonio analandira lawo, n'kuliwerenganso, n'kulipinda kanayi.

Anzake anavala mikanjo ya omaliza maphunziro, iye ayi. Lero amagulitsa matemba ouma pamsika wa Empumalanga, ndipo ndikamufunsa za sukulu amandiyankha m'Chindebele. Koma mapepala makumi anayi aja, ngakhale limodzi silinakwere basi.