Boti langa pansi pa mlatho wa Likangala

Matipate atangoyamba, ntchito yanga yaukalaliki inatha. Ndinatsala mkamwini wongodya za eni ku Chikanda, ndipo ndinkafunitsitsa kuti apongozi anga aakazi andione ngati munthu. Ndiye ndinaganiza zokhoma boti loti ndizikapikulira matemba ku Chilwa, kutsetsereka ndi Likangala.

Vuto linali kamlatho ka matabwa kumunsi kwathu. Ndinakayeza mpata wake ndi bango mu Okutobala, unandifika m'chiuno. Ndinakhoma boti lophwatalala pansi, lalifupi m'mbali, mphuno yake yosadzuka. Koma mu Okutobala mtsinje uja suyandamitsa ngakhale beseni, choncho ndinadikira mvula. Mu Febuluwale madzi anatsika kuphiri, boti linayandama bwinobwino, koma madziwo anadya mpata wanga. Mphuno ya boti inakagunda mlatho, kupitirira ndi zala ziwiri zokha.

Anthu anadzaza pamlatho kudzaonera zaulere. Bambo wina wophunzitsa kukoleji anati, "Lilemetseni, lititimira pang'ono." Tinaikamo miyala yonse imene tinaipeza, osakwana. Maso onse anatembenukira kwa apongozi, amene Mulungu anawapatsa thupi mosaumira.

Zaka zisanu ndi chimodzi tinali tisanayang'anizanepo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kumanzere, ine m'chimanga cha eni. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Koma tsikulo anamanga chitenje nakwera, boti n'kutitimira. Kuti mitu isagunde, tonse awiri tinayenera kugona chagada, phewa ndi phewa. Kunena zoona, ndinalakalaka ng'ona itangonditenga.

Tili pansi pa mlatho, matabwa akutikhula mphuno, apongozi analankhula kwa ine mwini koyamba.

"Abambo, botili mwakhoma nokha?"

"Eya, amayi."

"Lakhala bwino. Kungoti likulowa madzi, msana wonsewu wanyowa. Musawauze anthuwa. Tikatuluka, muimirire ngati munthu wodziwa zimene akuchita."

Tinatulukira mbali inayo, nthungululu zili pakamwa. Apongozi anatsika, nafunda chitenje kubisa msana wonyowawo, kenako anandiloza pamaso pa gulu lonse.

"Mkamwini wanga ameneyu!"

Ndinaimirira monga anandiuzira, madzi ali m'akakolo, ndipo ndinalira ngati mwana.