Mlonda Wanga Anagulidwa ndi Dawale

Mwana wanga woyamba tinkamutcha mlonda, ndipo anayambitsa zimenezi ndi namwino wa kusikelo ku Jenda. Anali mayi wojintcha wa ku Dowa, wolankhula Chichewa chakwathu, moti ine wa ku Dedza, amene ndinangobwera kudzakwatiwa kwa Atumbuka, ndinkamumvera ngati mkulu wanga.

Tsiku lina anatiuza kuti mwana akamayamwa, timitsempha ta kunsonga kwa bere timamva, n'kutumiza uthenga ku ubongo. Ubongo nawo umauza nkhokwe za mazira kuti ziyambe zagona, zisatulutse dzira kapena timadzi tija timayendetsa msambo.

"Koma mwanayo akhale wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, inu musanayambenso kusamba," anatero akutiloza ndi cholembera. "Ndipo aziyamwa bere lokha. Chakudya china ayi. Akachepetsa kuyamwa, uthenga uja wazima."

Nditawafotokozera amuna anga, amene amagulitsa zipangizo za njinga pamsika, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti kamunthu aka ndi mlonda wa pageti?" Nkhaniyi inawasangalatsa kuposa mmene inandisangalatsira ine, pa zifukwa zimene sindilemba pano.

Ine chimene ndinkaopa ndi kutumbiza. Kwa apongozi anga ku Champhira nkhaniyi ndi yosakambirana. Mkazi akaima mwana adakali kubere, amati mkaka wawonongeka, ndipo mwanayo amachotsedwa n'kupita kukakhala kwa agogo ake. Ine zoti kamwana kanga kakagone kutali nane sindinkafuna n'kumva komwe.

Ndinkagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Basi ikaima, munthu umathamanga ndi beseni pamutu, ndipo kuthamanga koteroko khanda kumsana sikutheka. Choncho apongozi anabwera kudzakhala nafe kuti azindigwirira mwana pakhonde la sitolo. Ndinawagwadira bwinobwino n'kuwauza mawu a namwino.

"Amama, chonde musampatse chakudya chilichonse. Akalira mungondiitana."

"Yewo, mkamwana," anavomera m'Chitumbuka chawo. "Chakurya yayi. Napulika."

Kuyambira pamenepo mlonda wanga anasanduka mngelo. Ankagona masana onse, masaya akunka natupa, ndipo ndikampatsa bere ankangolawa n'kutembenuka ngati bwana wokhuta kale. Ine n'kumayenda modzitukumula pakati pa anzanga a tomato, kumawauza kuti mkaka wa ku Dedza ndi wamafuta.

Kenaka fungo la tomato linayamba kundichititsa mseru. Ndinati mwina ndi malungo. Namwino uja atandiyeza anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mlonda uja akugwira ntchito koma?"

"Usana ndi usiku," ndinayankha.

"Ndiye wakuba walowera pati?"

Ndinabwerera molunjika pakhonde paja osadutsira pabenchi yanga ya tomato. Ndinapeza apongozi atamukhazika mwana pamiyendo, kapu yapulasitiki ili m'manja, iye atayasamula kukamwa ngati mwana wa mbalame. M'kapumo munali timadzi toyera ta ufa, tija kuno amati dawale.

"Amama! Si paja tinagwirizana kuti chakudya ayi?"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anapendeketsa kapu ija kuti ndione. "Ichi ni chakurya? Ni maji waka agha. Chakudya munthu amatafuna. Mwana analira njala chomene, iwe uli kuthamangitsa mabasi, mbwenu ine nizingomuwonerera?"

Iwo sananame ngakhale pang'ono. Kwawo dawale sawerengedwa m'gulu la zakudya, monga mmene amuna anga sawerengera chimanga chootcha akamadandaula kuti sanadye kanthu chikhalire. Mlonda wanga anali atagulidwa ndi madzi a ufa, ndipo anali kundiyang'ana akunyambita milomo, wopanda ndi manyazi omwe.

Nkhani ya mimba itamveka, ndinalimbana ndi apongozi kuti asandilande mwana. Namwino anachita kubwera yekha kudzanena kuti mayi woyembekezera angathe kuyamwitsa popanda vuto. Apongozi anamulandira mwaulemu, kumuthokoza, kumupatsa nthochi. Anandilola kuyamwitsabe mpaka mimba itayamba kuonekera pachitenje. Zitafika apo anati kumudzi anthu ayamba kuwaseka, ndipo amuna anga, aja ankaseka kwambiri poyamba, anangoweramira masipoko a njinga.

Apongozi anamutenga mwanayo Loweruka m'mawa. Ndinawaperekeza pokwerera galimoto za ku Champhira nditanyamula kachikwama ka matewera. Iye anali kumsana kwa agogo ake, akumung'unya mbatata yophika, ndipo sanacheuke.

Nditabwerera pabenchi, basi ina inaima, ndipo mkati mwake munalira khanda la munthu wina. Mabere anga anayamba kulasalasa, bulauzi yonse n'kunyowa. Anzanga anathamanga ndi mabeseni awo. Ine ndinakhala pansi n'kudzifunditsa chitenje, ndikulira, chifukwa thupi langa panalibe amene analiuza kuti mlonda wachotsedwa ntchito.