Masamba Omata a Mayi Hinda

Kwathu ku Bnei Brak, mzinda wa Ayuda osunga chilamulo, mumsewu wina wopanikizika umene makonde ake amadzaza ndi zovala zoyanika ndi tingolo ta makanda, munkakhala Mayi Hinda Orlovski. Amene anawaona amawakumbukira ndi zala zawo, zimene sizinkatha guluu ngakhale pa tsiku la ukwati.

Mulungu anawapatsa ana aamuna okhaokha. Mwina n'chifukwa chake anaika kabati ya mabuku m'kanjira ka m'nyumba mwawo, yobwereketsa kwa atsikana ongosinkhuka kumene, aja osiya zidole koma asanafike pa unamwali. Kabatiyo inabala inzake, inzakeyo inabalanso, mpaka amuna awo, Reb Zalman, ankachita kudutsa chammbali, mimba ataibweza, popita kukasamba m'manja.

Buku lililonse linkayamba lagona pa thebulo la kukhitchini lisanakwere pa shelefu. Mayi Hinda ankaliwerenga mzere ndi mzere, magalasi ali pansonga ya mphuno. Mwana wa m'nkhani akayankha bambo ake mwachipongwe, mawuwo ankawaphimba ndi kapepala koyera. Mtsikana wa pachithunzi akavala malaya oonetsa zigongono, ankatalikitsa manja a malayawo ndi cholembera chakuda. Mnyamata ndi mtsikana akatsala awiriwiri pansi pa mtengo, tsambalo linkamatidwa ku linzake. Panalinso china chimene palibe rabi anawalamula kuchotsa, ndicho imfa ya kholo. Mayi Hinda anakulira m'nyumba ya anthu opulumuka nkhondo ya ku Ulaya, mmene maina a akufa ankatchulidwa pa chakudya chilichonse, ndipo pa ubwana wawo tulo tinkawathawa. Tsono mayi wa m'buku akangoyamba kutsokomola, dzanja lawo linkapita lokha pa botolo la guluu.

Azimayi a mumsewumo ankauzana kuti, "Likadutsa m'manja mwa Hinda, ungompatsa mwana osalitsegula."

Reb Zalman okha ndiwo ankawanyogodola. "Hinda, m'mabuku anuwa munthu safa ayi. Bwanji osandimata inenso, ndikhalepo mpaka Mesiya adzabwere?"

"Inu guluu sangakugwireni, thupi lonse ndi mafuta a nsomba. Chotsani chigongono pa tsambalo."

Zinayenda choncho mpaka atsikana oyamba aja anakwatiwa, nayamba kubwera ndi ana awo atawagwira pamkono.

Tsiku lina Lachisanu, dzuwa litapendeka, kunamveka kugogoda. Lachisanu makabati sankatsegulidwa, poti aliyense amakhala akuthamangitsana ndi dzuwa kukonzekera Sabata. Msuzi wa nkhuku unali pamoto, buledi woluka akuzizira pansi pa nsalu. Pakhomo panaima Shifra, mwana wa zaka khumi ndi chimodzi wa m'nyumba yoyang'anizana ndi yawo, tsitsi atadziluka yekha mokhotakhota. Msewu wonse unkadziwa kuti mayi ake ali m'chipatala ndi matenda aja amene kwathu sitiwatchula dzina. Msewu wonse unagwirizananso, popanda kupangana, kuti pamaso pa ana tizingoti akupezako bwino.

"Shifra mwanawe, lero n'Lachisanu. Kapena kalendala ya kwanu inatopa?"

"Ndikudziwa, Mayi Orlovski. Ndikufuna buku limodzi lokha."

"Lowa msanga, fungo la msuzi wanga lingathawire kwa aneba. Pali latsopano la atsikana opita kutchuthi kumapiri, useka mpaka nthiti kuwawa."

"Ayi. Ndikufuna loti mayi ake a mtsikanayo amamwalira."

Mayi Hinda anaika supuni pansi. "Choka nazo! Mawu otani amenewo Sabata ili pakhomo? Mayi ako achira, Mulungu athandiza."

"Dzulo kusunagoge mayi anawawonjezera dzina. Mchimwene wanga anali pomwepo. Tsopano akuti ndi Khaya Malka." Mwanayo ankalankhula maso ali pa nsapato zake. "Agogo aamuna anawawonjezeranso dzina chaka chatha atatsala pang'ono kumwalira. Ine si khanda, Mayi Orlovski."

Kwathu wodwala akafika pa kayakaya timamupatsa dzina lina, dzina la moyo, kuti chigamulo cholembedwa pa dzina lakale chimuphonye. Ana sitiwauza zimenezi, koma makutu ali nawo.

"Azakhali amangoti werenga Masalimo," anapitiriza Shifra. "Ndawerenga onse. Bambo akabwera amalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti tisawamve akulira. Ine ndikungofuna kudziwa zimene mtsikanayo amachita m'mawa mwake. Amapita kusukulu? Makandulo a Sabata amayatsa ndani? Nanga amaloledwa kuseka liti?"

Buku lotero Mayi Hinda ankalidziwa. Anakwera pa kampando, nalitsitsa pa shelefu ya pamwamba penipeni. Linali lakale, la chikuto chobiriwira, lonena za mwana wa telala wa m'kamzinda kena ka ku Poland. Kumayambiriro ndi kumapeto masamba ankatseguka bwinobwino, koma pakati pake panali polimba ngati thabwa. Mitu itatu yathunthu inali yomatidwa pamodzi.

Reb Zalman anatulukira ndevu zikudontha madzi, atavala kale malaya oyera. Zonse anali atazimva. Anakokera akazi awo pambali nanong'ona kuti, "Hinda, bambo ake sanamuuze. Si zathu izi. Sabata ikatha mukafunse rabi."

"Mwana wagogoda pa chitseko changa, osati cha rabi. Ikani ketulo pamoto."

"Madzi a m'ketulomo ndi a Sabata."

"Reb Zalman, ndapempha ketulo, sindinapemphe ulaliki."

Ketulo itayamba kufuka nthunzi, Mayi Hinda anagwira bukulo pamwamba pa mlomo wake, akulitembenuza uku ndi uku. Shifra anaima pambali pawo, chibwano chili pafupi kukhudza phewa lawo. Koma guluu ameneyo sanali wa ana asukulu. Anali wa akalipentala, uja Reb Zalman anabwera naye kalekale akudzitama kuti amagwira miyendo ya mipando mpaka kwa zidzukulu. Mapepala anatupa, nakwinyika, koma osalekana. Mayi Hinda anatenga mpeni wopakira batala naulowetsa pakona. Pepala linang'ambika m'kati mwa thupi lake, zilembo zinatsalira mbali inayo, ndipo pamene panali nkhani panangooneka ubweya wotuwa.

"Pang'onopang'ono, mukuononga," anatero Shifra.

"Ndikuona, mwanawe, maso ndili nawo."

Anayesa pakona ina. Nthunzi inawawaula zala, iwo osazibweza. Apa ndi apo pankatuluka liwu limodzi lamoyo, ndipo Shifra ankaliwerenga mokweza ngati akutola mikanda yomwazika. "Chitseko. Nsapato zake. Anakhala pansi. Anakhala pansi kenako n'kutani? Tsegulaninso apa."

Pamenepo lipenga la mzinda linalira, lija lochenjeza kuti Sabata yafika. Kunja zitseko za masitolo zinagwa, azimayi anayamba kuitana ana pa makonde. Mayi Hinda anachita ngati sanamve. Reb Zalman anazimitsa moto pansi pa ketulo, naima pa zenera akuyang'ana dzuwa likutsikira kuseri kwa madenga. Anawalekerera pang'ono, nawalekereranso. Kenaka anabwera n'kuika dzanja lawo pa mpeni uja.

"Hinda. Basi. Nthawi ya makandulo ikutha."

Pa Sabata sitimatula zomata, siting'amba pepala. Mayi Hinda anali asanaswepo lamulo limeneli chibadwire, ndipo anasiya mpeniwo.

"Ndiye mungondiuza pakamwa," anatero Shifra. "Inu munaliwerenga lonse."

Mayi Hinda anatsegula pakamwa. Anakumbukira tsiku limene analimata, kunja kukugwa mvula ya mwezi wozizira. Anakumbukira tsamba limene chifuwa cha mayi wa m'bukumo chinayambira, ndi mawu amene anadziuza okha, akuti izi n'zolemera pa mtima wa mwana. Koma zimene mwana wa telala anachita m'mawa mwake, m'mutu mwawo munalibe. Analiwerenga ngati munthu wosankha mphodza, maso ali pa timiyala ndi tizilombo, mphodzayo osailawa.

"Sindikukumbukira, Shifra."

"Ngakhale pang'ono pokha?"

"Ndikakupekera, udziwa kuti ndapeka."

Mwanayo anatenga bukulo, nalumpha thabwa lija, nawerenga tsamba loyamba lomasuka. Mwana wa telala anali atakula kale. Anali pamsika ndi mkazi watsopano wa bambo ake, akusankha nsalu ya chikondwerero.

"Apa akuseka kale," anatero. "Ine ndimafuna pakatipa."

"Lamlungu m'mawa ndikwera basi ya ku Yerusalemu. Ndikayenda m'masitolo onse mpaka ndipeze lina losamata. Ndikulonjeza."

"Lamlungu bambo ati tonse tipita kuchipatala, ndi khanda lomwe. Ati tivale zovala za Sabata."

Reb Zalman anayamba kufunafuna chipewa chimene chinali pamaso pawo pomwe. Kutsidya kwa msewu mawu a azakhali anamveka pa khonde, akuitana Shifra mokalipa, kuti ana onse asamba kale kupatula iye.

"Ndilitenge kapena ndilisiye?"

"Tenga, mwanawe. Usafulumire kubweza."

Analinyamula motalikitsa ndi chifuwa chifukwa linali lonyowa, nati, "Sabata yabwino, Mayi Orlovski. Sabata yabwino, Reb Zalman." Nsapato zake zinamveka zikutsika masitepe mosathamanga.

Mayi Hinda anayatsa makandulo, nakupizira kuwala kumaso kwawo monga mwa mwambo, naphimba nkhope ndi manja kuti anene dalitso. Dalitsolo ndi lalifupi. Reb Zalman anaima pakhomo, chipewa chili kumutu, kudikira kuti manjawo atsike ndipo awafunire Sabata yabwino asanapite kusunagoge. Anadikira mpaka mapazi a amuna anzawo anatha mumsewu. Kenaka anatuluka, natseka chitseko mosapanga phokoso.