Khola la Nkhokwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinayambitsa masewera a mafuko kuseri kwa nyumba yathu m'tauni, ku Kanyama. Mwana aliyense anapeka fuko lake, lokhala ndi afiti ake ndi asilikali a zitsekerero za mabotolo. Lamulo linali lakuti aliyense aumbe mudzi wadothi, wa nyumba, munda ndi ziweto, ndipo wa mudzi wooneka weniweni alamule mafuko onse holide yonse. Ufumu umenewo ndinaufuna ndi mtima wonse, makamaka chifukwa Mutale, Mbemba wa khomo loyandikana ndi lathu, anali atanena kuti mtsikana sangalamule.

Ine pakamwa ndinali napo. Ndinauza anzanga kuti kwathu ndi ku Katete, za kumudzi asandiphunzitse. Kunena zoona, ndinali ndisanadutsepo ngakhale Chongwe, pongotuluka m'tauni. Zonse ndinkangotola amayi akamacheza ndi anzawo pampopi. Tsiku lina ndinawamva akudandaula kuti nkhokwe ya amalume yathyoka mwendo. Tsiku linanso anati chaka chino yameza chimanga chonse cha m'munda, ndipo aiveka udzu watsopano kuti isanyowe. Nanga inu mukanaganiza chiyani? Chinthu cha miyendo, chomeza chimanga, choopa mvula! Ndinati basi, chimenechi ndi chinyama.

Ndinaumba zitatu, zamimba zikuluzikulu, miyendo ya timitengo ta machesi, nyanga ziwiriziwiri, ndi zisoti za udzu umene ndinazula ku tsache la amayi. Ndinazimangira khola lolimba kutali ndi nyumba.

"Ni vichani ivi?" anafunsa Mutale.

"Ni nkhokwe, iwe. Kwanu ku Kitwe kulibe?"

"Viluma?"

"Maningi, osati pang'ono. Makamaka aBemba."

Mutale anabweza chala msangamsanga. Ana onse anagoma, ine n'kuyamba kuyenda ngati ufumu ndalandira kale.

Woweruza ndinasankha ndekha, ndipo apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje. Anali azakhali anga, alongo awo a atate, amene anabwera kuchokera ku Katete kudzagulitsa nshawa. Ndinkati wachibale sangandigwetse. Anayendera midzi yonse manja ali kumbuyo, mpaka anaima pa khola langa.

"Nanga izi, mama?"

"Nkhokwe."

"Zikutani m'khola?"

"Kuti zisathawe."

Azakhali anasuzumiranso m'kholamo. Kenaka anakhala pansi, pafumbi pomwepo, chitenje chatsopano osachiganizira, n'kuseka mpaka misozi.

"Alamu! Alamu, thamangani! Nkhokwe za mwana wanu zamera nyanga!"

Amayi anabwera thovu la sopo lili m'manja. Azakhali, uku akupuma mwabefu, anafotokozera ana onse kuti nkhokwe ndi kanyumba kolukidwa ndi nsungwi, kosungiramo chimanga, koimikidwa pamitengo kuti chiswe ndi madzi zisafike. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ufumu unapita kwa Mutale, amene mudzi wake unali ndi siteshoni ya minibasi pakati pa munda ndi saluni pafupi ndi khola la mbuzi. Mpaka lero zimandiwawa.

Anthu atabalalika, amayi anandiitana ku beseni kuti ndiwathandize kufinya zovala, nawonso akuseka.

"Bwanji sunandifunse?"

"Mukanati ndine mwana wa m'tauni."

Analeka kuseka. Anafinya shati ya atate nthawi yaitali, madzi atatha kale.

"Ndiwedi wa m'tauni," anatero. "Ndinakuberekera kuno ndine. Manyazi amenewo ndi anga, osati ako."

Pa tsikulo sindinawamvetse, mtima unali pa ufumu. Lero ndikudziwa kuti kusadziwa nkhokwe sikunali mlandu. Chimene chinandigwetsa ndi kuopa kuoneka mbuli, mpaka ndinaumba nyanga masiku atatu, munthu wokulira pansi pa nkhokwe akuchapa pafupi nane, akungodikira kuti mwana wake amufunse za kwawo.