Mphindi Zitatu za Dona Alzira

Dona Alzira Raposo anasoka makolala a malaya m'fakitale ya kumtsinje mpaka zala zinapindika, koma pakamwa pawo sipanakalambe. Ine ndimakhala m'chipinda chapansi, iwo pamwamba, moti ndinkadziwa kuti lero adzuka ndi ukali pongomva mayendedwe. Tonse tinachokera ku chilumba cha São Miguel kudzakhala m'tauni ino ya ku Massachusetts, koma kuuma mutu konse kwa pachilumbapo anabwera nako ndi iwo.

Amuna awo, a Serafim, anali msodzi. Sitiroko inawalanda dzanja, mawu, ndi Chingerezi chonse chimene anatola padoko. Anatsala n'kumva Chipwitikizi basi. Ankakhala pampando pafupi ndi zenera n'kumaonera tchanelo chathu cha Chipwitikizi, misa, mpira ndi nkhani za kumudzi, ndipo nthawi imeneyo maso awo ankawala.

Kenako kampani ya kebulo, yobweretsa matchanelo m'nyumba kudzera pa mawaya, inachotsa tchanelocho pa matchanelo wamba n'kuchiponya ku gulu lodula, la anthu oonera gofu. Penshoni ya wosoka makolala sinkafika kumeneko. Pamalo pake anaikapo mayi wogulitsa ndolo tsiku lonse. A Serafim anamuyang'ana mayiyo, kenako anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukana chakudya, ngakhale supu wa masamba ndi soseji amene kale ankamudya mpaka kunyambita mbale. Zinandiwawa kwambiri kuwaona akuwonda.

Dona Alzira anapita ku khonsolo ya mzinda, poti ndiyo imapatsa kampani chilolezo choyala mawaya m'misewu yathu, ndipo chilolezocho chinali pafupi kutha. Pamsonkhano uliwonse nzika imaloledwa kulankhula mphindi zitatu, kenako belu limalira. Anadandaula m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. Makhansala anawathokoza mwaulemu, anati kusankha matchanelo si ntchito yawo, koma nkhaniyo aitumiza ku komiti. Kuno tonse timadziwa kuti ku komiti ndi kumanda kwa nkhani.

Madzulo amenewo ine ndinatsala ndi a Serafim. Misonkhano ya khonsolo imaonetsedwa pa tchanelo cha mzinda, chimene kampani imakakamizidwa kufikitsa m'nyumba iliyonse ngakhale palibe amene amachionera. Ndinatsegula kuti ndione mnzanga. Atabwerako ndinawauza kuti amuna awo anadzutsa mutu atangomva mawu awo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chikhoti chili m'manja.

Pamsonkhano wotsatira anavala diresi la kutchalitchi. Ananena m'Chingerezi kuti abwera pa nkhani ya kebulo, kenako anapotoloza nkhope kuyang'ana kamera n'kuyamba Chipwitikizi.

"Serafim, iwe, siya kuyang'ana khomalo. Nkhani za kumudzi ndi izi."

Anawauza za mvula imene inakokolola mlatho, za wansembe watsopano amene maulaliki ake satha, za ng'ombe ya mlamu wawo imene inabereka mapasa. Zonsezo anazitola pafoni kwa mchemwali wawo ndi pamzere wogula buledi. Wapampando wa khonsolo, a Aldrich, anamenya kanyundo kawo patebulo n'kupempha kuti mayi alankhule chinenero chomveka kwa onse.

"Simukumva, bambo wapampando? Pepanitu. Amuna anga akhala choncho chiyambire nyengo yachisanu. Inu pirirani mphindi zitatu zokha, simufa."

Loya wa mzinda anafufuza malamulo a msonkhano, osapeza loletsa, ndipo a Aldrich anagwira njakata. Kunyumba kuno a Serafim anamaliza mbale yonse ya supu, maso ali pa kanema.

Mbiri inawanda. Amâncio wophika buledi anayamba kubwera kumsonkhano ndi zotsatira za mpira, ufa uli m'tsitsi. Amayi a kwaya ankalengeza maliro ndi maubatizo. Aliyense ankayamba ndi mawu aja oti wabwera pa nkhani ya kebulo kuti asamuthamangitse. Misonkhano inatalika, chakudya cha makhansala n'kumazizira kunyumba. Bwana wa kampani anabwera ndi tayi wake kudzafotokoza kuti tchanelo chathu amaonera ndi anthu ochepa, koma anasowa pokhala chifukwa anthu ochepawo anadzaza mipando yonse. Komabe kampani inangozengereza, podziwa kuti okalamba amatopa.

A Serafim anamwalira nyengo yachisanu isanathe. Msonkhano wotsatira unali wovomereza chilolezo chatsopano, ndipo aliyense, ngakhale ine, ankati mayi wamasiye sangatuluke m'nyumba. Anatuluka. Ine ndinakwera pamwamba mwachizolowezi, n'kutsegula kanema pafupi ndi mpando wopanda munthu. A Aldrich anapepesa malirowo, ndipo ndikhulupirira kuti zinachokera pansi pa mtima. Anawonjezera kuti mayi asadzivutitse kulankhula lero.

"Zikomo. Koma mphindi zanga sizinafe ayi."

Anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Serafim." Apo mawu anawathera. Anagwira tebulo ndi zala zawo zopindika zija, nthawi ikupita. Ine kuno ndinalira. Kenako anakweza chibwano.

"Dona Amélia a kuseri kwa tchalitchi, a Jacinto opanda miyendo, nonse amene mwatsekeredwa m'nyumba, dzutsani mitu. Nkhani za kumudzi ndi izi."

Belu linalira, iwo osasiya. A Aldrich anagwira kanyundo kaja, n'kukabwezera patebulo mwakachetechete. Tsiku limenelo khonsolo inakana kuvomereza chilolezo mpaka kampani itabwerera ku zokambirana, ndipo masamba atayamba kuphuka tchanelo chathu chinabwerera pamalo pake.

Mpaka lero kanema wawo amasokosera kuyambira m'mawa, denga langa n'kumanjenjemera, eni ake ali kukhitchini atafulatira. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake saonera chinthu chimene anachimenyera nkhondo chonchija.

"Chimenecho? Sindinachikondepo, Lurdes, amangobwebweta," anatero akudula anyezi. "Koma ayerekeze kuchichotsanso."