Mabotolo Khumi ndi Awiri pa Mtengo Wakale

Ndinanyamuka ku Alexandra Lachisanu cha m'ma seveni m'mawa, saka lopanda kanthu lili m'khwapa. Sabata imeneyo boma linali litakweza msonkho wa mowa, ndipo MaDlamini, mayi wa shabini amene ndinkamugulira katundu, anamva kuti sitolo ina ku Doornfontein ikugulitsabe bulande pa mtengo wakale.

"Thamanga, Yusufu," anatero. "Chidakwa sichisiya mowa chifukwa cha msonkho. Chimangochepetsa ndiwo kunyumba."

Ndinaseka nawo, ine Msilamu wa ku Ntaja, amene mkazi wanga kumudzi ankadziwa kuti kuno ku Joni ndimagulitsa mafuta ophikira.

Kombi ya m'tauni inali masenti sikisite. Ndinatsikira pa siteji ya Noord n'kuyenda wapansi. Pa sitoloyo mzere unali utafika kale pakona, onse eni mashabini ndi otumidwa ngati ine. Ndinagula magwinya awiri, mandasi akuno, n'kumadya chiimire. Mkulu wina kutsogolo kwanga ankawerengera mokweza kuti akagula pa mtengo wakale n'kukagulitsa pa watsopano, msonkho wonse udzalowa m'thumba mwake osati mwa boma. Nzeru yathu tonse inali yomweyo. Leveni ikukwana ndinali ndi mabotolo khumi ndi awiri, lililonse lokulunga m'nyuzipepala kuti asalire.

Pobwerera, nditangokhala pampando wakumbuyo saka lili pamiyendo, ndinamva salamu. Anali Che Amidu, apongozi anga, telala wa ku Troyeville, amene ananditumizira ndalama ya ulendo wobwera kuno. Anavala mkanjo woyera mbee, chifukwa Lachisanu lililonse ndiwo ankatsogolera swala ya anthu akwathu m'galaja ina ku Alexandra.

"A Yusufu, malonda akuyenda? Amenewa ndi mafuta aja?"

"Ee, bambo, mafuta."

Ku Orange Grove kunakwera mayi wonenepa ndipo dalaivala anatiuza kuti tipanikizane. Ine ndinakankhidwira pakona, bondo lili pachibwano. Apongozi, mwa chifundo chawo, anakoka sakalo n'kuliika pamiyendo pawo. Ndinayesa kukana, koma mkamwini angalimbirane katundu ndi apongozi pagulu?

Tisanafike ku Wynberg, kombi inagwa m'dzenje. Ndinamva kuti khwa. Fungo linadzaza galimoto yonse, ndipo madzi ofiirira anayamba kuyenderera pa mkanjo uja mpaka m'nsapato. Anthu anafa nacho chiseko. Mnyamata wina anafuula m'Chizulu kuti abusa ayamba molawirira lero, wina n'kuwonjeza kuti mitengo yakwera, asamatayire pansi.

Mawu oti ndinene anali awiri okha: "Ndi langa." Sindinawanene. Ndinayang'ana pawindo ngati ndikuwerenga nyumba. Apongozi nawonso sanakane. Anangogwira sakalo bwinobwino kuti ena asasweke, n'kulandira chitonzo chonse mpaka pa siteji.

Tinatsika dzuwa lili pamutu. Kutsidya kwa msewu anthu akwathu anali atayamba kulowa m'galaja muja, ndipo ena anawakwezera mkono mtsogoleri wawo. Ndi chovala chotere sakanalowamo, ndipo nthawi yokasintha ku Troyeville panalibe. Anandipatsa saka ndi manja awiri.

"A Yusufu, botolo lanu lasweka m'manja mwanga," anatero motsitsa mawu. "Ndilipire pa mtengo wakale kapena watsopano?"

Akanandimenya mbama zikanakhala bwino. Anawoloka n'kukakwera kombi yobwerera, ndipo tsiku limenelo swala anatsogolera wina.

Otsalawo ndinakaperekabe kwa MaDlamini, ndisaname, ndipo onse anatha pa mtengo watsopano Lamlungu lisanafike. Mayiyo ananena zoona kuti msonkho salipira womwa, amalipira wapakhomo. Msonkho wanga anandilipirira munthu amene sanalawepo dontho chibadwire, ndipo kalata yawo yotsatira kwa mwana wawo inati malonda a mafuta akuyenda bwino.